Chitsamba chomwe mwawokera chikufota: Mafunso ndi mayankho

Mvula ikangoyamba kuno ku Zomba, anthu amagwira khasu n'kuyamba kusuntha maluwa pakhomo. Wina wagula hibiscus wa m'chubu kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Wina akuchoka m'nyumba ya lendi ku Chikanda kupita ku yake ku Matawale, ndipo safuna kusiyira eni nyumba bougainvillea amene wamulera zaka zisanu. Wina akufuna kumanga khitchini pamalo pamene pali mpanda wa duranta. Pakatha masiku atatu kapena anayi, onsewa amabwera ndi funso limodzi: "Duwa langa lija likufota, nditani?" Ine ndakhala pa ntchito ya maluwa kwa zaka zambiri m'tauni muno, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimawamva kawirikawiri.

Ndinachiwokera mosamala ndithu. Nanga chikufotanji?

Chifukwa vuto lili pansi, pamene maso anu safika. Mizu ikuluikulu ija imene mumaiona mukakumba, ntchito yake yaikulu ndi kugwira chitsamba kuti chisagwe ndiponso kusunga chakudya. Imene imamwa madzi ndi timizu ting'onoting'ono ta kunsonga, topyapyala kuposa tsitsi, tomwe timakhala kutali ndi tsinde. Mukamakumba, khasu limadula tambiri mwa timizu timeneti. Tina timathothoka dothi likagumuka, ndipo tina timauma pakangopita mphindi zochepa tili pa dzuwa ndi pa mphepo.

Masamba sadziwa zimenezi. Iwo amapitiriza kutulutsa madzi monga mwa masiku onse, makamaka dzuwa likaswa mtengo. Madzi otuluka pamwamba achuluka, olowa pansi achepa, basi chitsamba chimagwetsa mapewa.

Amene munalimapo dimba mukudziwa kale nkhaniyi. Mbande za tomato kapena repu mukaziwokera zimagona masiku awiri kapena atatu, kenako n'kudzuka. Chitsamba ndi chimodzimodzi, kungoti thupi lake ndi lalikulu ndipo mizu yake imaphuka mochedwa, choncho kudzuka kwake kumawerengedwa m'masabata ndi m'miyezi. Zonse zomwe mungachite zili pa zinthu ziwiri: kuthandiza mizu yatsopano kuti imere, ndi kuchepetsa madzi amene masamba akutaya pamene mizuyo ikumera. Chilichonse chimene sichikuthandiza ziwirizi, ngakhale mutachichita ndi mtima wabwino, chisiyeni.

Ndizithirira madzi ochuluka bwanji, ndipo kangati?

Tsiku lowokera thirani kwambiri, mpaka dothi likhazikike ndi kutseka mipata yonse yozungulira mizu. Kwa chitsamba chofika m'chiuno, ndowa imodzi ya malita 20 siichuluka. Musakhuthule kamodzi. Thirani theka, dikirani alowe, kenako thirani otsalawo.

Masabata awiri oyamba muzichiyendera tsiku lililonse. Ndati kuchiyendera, sindinati kuchithirira. Lowetsani chala m'dothi mpaka chonse chilowe, pafupi ndi tsinde, mu dothi lomwe chitsambacho chinabwera nalo. Likakhala louma kapena longozizira pang'ono, thirirani. Likamamatira ku chala, lekani. Malo olowetsa chalawo ndi ofunika, chifukwa mizu yonse yamoyo idakali mu kachibulumwa kaja ka dothi lakale, ndipo kameneka kamauma msanga kuposa dothi la m'mbali. Ndaonapo zitsamba zikufa ndi ludzu pakati pa dothi lonyowa, mwini wake akuthirira mozungulira koma osalunjika pa mizu.

Masabata awiriwo akatha, kawiri kapena katatu pa sabata ndi kokwanira ngati mvula sikugwa, kenako kamodzi pa sabata. Madzi ambiri olowa pansi, othiridwa mwa apo ndi apo, amaposa kuwaza pamwamba m'mawa uliwonse. Kuwaza kumangonyowetsa fumbi, ndipo mizu imazolowera kukhala pamwamba pamene dzuwa limaotcha.

Zomba ndi tauni ya pa mtsetse. Amene muli m'mphepete mwa phiri, kumtunda kwa Mulunguzi kapena ku Naisi, madzi mukangothira amathamangira kumunsi asanalowe. Unjikani dothi ngati kamzere kozungulira chitsamba, kokwera kwambiri mbali ya kumunsi, ndipo mukachirikize ndi miyala, yomwe kuno sitisowa. Mbale ya dothi imeneyi imagwira madzi kuti alowe pa mizu.

Mvula yowaza ya mphindi khumi musaiwerengere. Chala ndicho chikuuzeni.

Dothi ndi lonyowa, koma masamba akufotabe ndipo ayamba chikasu. Ndiwonjezere madzi?

Ayi, apa ndi pamene zitsamba zambiri zimafera. Mizu imapuma. Dothi likadzaza madzi kwa masiku angapo mpweya umatha, mizu yodulidwa ija imayamba kuola, ndipo muzu woola sumwa madzi. Chitsamba chimafota ngati chili ndi ludzu, mwini wake amawonjezera ndowa ina, n'kuchimaliza. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Chitsamba chaludzu chimafota masana n'kudzukako madzulo kapena m'mamawa, ndipo masamba ake amauma m'mphepete ngati awauka. Chomira m'madzi chimafota ngakhale m'mawa kukuzizira, masamba amasanduka achikasu ndi ofewa kuyambira a m'munsi, ndipo nthawi zina dothi limanunkha ngati la m'chithaphwi.

Izi zimachitika kwambiri pa dothi la makande ndi malo a dambo, monga kumunsi cholowera ku Likangala ndi ku chigwa cha Chilwa, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale. Dzenje lokumbidwa pa makande limasanduka mtsuko. Siyani kuthirira, phwasulani mbale ya dothi ija, ndipo lambulani kangalande kotulutsa madzi. Ngati mukufuna kudziwa za malo musanabzale, kumbani dzenje n'kulidzaza madzi. Mukawapeza alimobe mawa lake nthawi ngati yomweyo, pamenepo bzalani pa kachulu kounjika, osati m'dzenje.

Ndili ndi fetereza wotsala wa ku munda. Ndithireko pang'ono kuti chipeze mphamvu?

Musathire. Fetereza, kaya ndi Urea, CAN kapena NPK wa chimanga uja, ali ngati mchere. Akakhala pafupi ndi mizu yovulala amakoka madzi kuchoka mu mizuyo ndi kuiotcha. Komanso akagwira ntchito amakankha chitsamba kuti chitulutse masamba atsopano, pomwe mizu ikulephera kumwetsa ngakhale amene alipo kale. Zitosi za nkhuku zosaola ndi ndowe zaziwisi zimaotchanso chimodzimodzi.

Munthu amene wangotuluka kumene m'chipatala sitimuyambitsa ndi kondowole. Dikirani mpaka muone mphukira zatsopano zikukula bwino, ndipo ngakhale pamenepo yambani ndi manyowa oola bwino kapena kompositi, mongoyala pamwamba. Fetereza wa m'thumba angadikire mpaka dzinja linalo.

Masamba onse ayoyoka. Kodi chafa?

Musafulumire kuzula. Kuyoyola masamba ndi njira imene chitsamba chimadzitetezera kuti chisataye madzi. Ine ndimada nkhawa kwambiri ndi chimene masamba ake aumira pa nthambi osagwa kusiyana ndi chimene chawataya okha.

Palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo pa kanthambi ka kunsonga. Mukaona zobiriwira ndi zonyowa, moyo ulipo. Mukaona zofiirira ndi zouma, tsikani m'munsi n'kupalanso, mpaka pa tsinde penipeni. Nthambi yamoyo imapindika, yakufa imathyoka kuti thyo. Bougainvillea amatha kukhala ngati nkhuni kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira, kenako n'kuphukira pa tsinde. Ngati pa tsinde padakali pobiriwira, pitirizani kusamala, koma chepetsani madzi, chifukwa chitsamba chopanda masamba chimamwa pang'ono kwambiri.

Anzanga akuti ndidule nthambi zonse kuti chiyambirenso. Zoona?

Apa anthu a maluwa timatsutsana. Maganizo akale ndi akuti mizu ikachepa, nthambi nazo zichepe, ndipo pali nzeru ndithu m'menemo. Koma masamba ndiwo khitchini ya chitsamba. Chakudya chomangira mizu yatsopano chimaphikidwa m'masamba, ndipo nsonga za nthambi ndizo zimatumiza uthenga pansi kuti mizu imere. Mukameta mpala mwatseka khitchini pa nthawi yomwe chakudya chikufunika kwambiri.

Ine ndimachita chonchi. Nthambi zothyoka ndi zouma ndimachotsa. Maluwa onse ndi timaluwa tosamasula ndimathothola, ngakhale kuti zimapweteka mtima, chifukwa duwa limadya mphamvu koma silibweza kanthu. Mayi wina adandikalipira pa nkhani imeneyi, akuti anagulira maluwawo osati masamba. Hibiscus wakeyo akadagwetsa yekha timaluwato pa sabata imodzi, ndi khalidwe lake akasunthidwa. Ngati chitsamba ndi chachikulu ndipo chatuluka ndi mizu yochepa kwambiri, ndimafupikitsa nthambi zazitali ndi zanthete, koma osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Zitsamba zophukira mosavuta ngati duranta, bougainvillea ndi rozi zimapirira kudulidwa kwambiri kuposa apa. Mitengo ya mtundu wa sayipuresi ndi ina yofanana nayo ayi: mukadula mpaka pa thunthu lopanda masamba, pamenepo sipaphukiranso.

Gwiritsani mpeni wakuthwa kapena sizasi ya maluwa. Chikwanje chobuntha chimang'amba khungwa.

Nanga dzuwa?

Chichitireni mthunzi kwa sabata imodzi kapena awiri, makamaka mbali ya kumadzulo kumene dzuwa la masana limachokera. Zikani timitengo tinayi, pamwamba muyale udzu wochepa, chiguduli, masamba a nthochi kapena neti yakale ya udzudzu yomwe yatha ntchito. Chisakhudze masamba ndipo mphepo izidutsa. Pepala la pulasitiki musayerekeze, limaphika. Pochotsa chitani pang'onopang'ono, kupatula udzu tsiku ndi tsiku, monga momwe alimi a fodya amachitira ndi udzu wa pa nazale.

Mphepo nayo imaumitsa masamba mofanana ndi dzuwa. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kampanda ka udzu kapena mphasa yakale mbali yochokera mphepo kamathandiza. Chitsamba chikamagwedezeka mpaka pa tsinde, timizu tatsopano timaduka tisanagwire. Chimangireni ku chikhomo ndi nsanza ya chitenje kapena mphira wa chubu cha njinga, momasuka kuti chizitha kuyenda pang'ono. Waya ndi chingwe chopyapyala zimacheka khungwa. Chikagwira, masulani.

Ndamva kuti ndi bwino kuphimbira pansi pa chitsamba ndi udzu. Kwathu kuli chiswe, sichibwera?

Chibwera, tisanamizane. Kuphimbira kumasunga chinyezi, kumaziziritsa dothi mu Okutobala, ndipo kumaletsa udzu womera kulimbirana madzi ndi chitsamba chodwala. Koma udzu wouma ndi mapesi ndi chakudya cha chiswe, ndipo chiswe chimakonda kugwira mtengo wofooka ndi wouma kusiyana ndi wathanzi. Anthu ena chifukwa cha ichi amasiya dothi lili pambalambanda. Ine ndimaona kuti dothi louma ndi lotentha ndilo limaperekeza chitsamba kwa chiswe msanga.

Yalani zophimbirazo zokhuthala masentimita 5 mpaka 8, koma siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde kuti zisalikhudze. Tsinde lokwiririka ndi zinyalala limaola ngakhale popanda chiswe. Masamba oola kale ndi kompositi ndi abwino kuposa mapesi ouma. Anthu ambiri amasakaniza masamba a nimu pophimbira pofuna kuingitsa chiswe. Masiku awiri kapena atatu aliwonse yang'anani pa tsinde. Mukaona timisewu ta dothi tikukwera, tiphwanyeni, sunthani zophimbirazo patali pang'ono, ndipo onetsetsani kuti dothi siliuma. Ngati chavuta zedi ndipo mukufuna mankhwala, funsani alangizi a zaulimi kapena ogulitsa ovomerezeka, muwerenge malangizo a pa botolo. Mankhwala a m'mapepala opanda dzina a pa msika asiyeni, pakhomo pali ana ndi nkhuku.

Nanga phulusa la ku khitchini?

Lochepa, lowaza patali ndi tsinde, silipweteka zitsamba zambiri. Kuunjika mbaula yonse pa mizu yovulala ndi kulakwa, chifukwa phulusa likanyowa limaluma ngati chidulo. Ndipo pali zitsamba zodana nalo kotheratu: azalea, camellia, gardenia ndi ixora zimafuna dothi lowawasa, ndipo phulusa limazisandutsa zachikasu.

Ena akuti madzi a shuga amadzutsa chitsamba.

Chimene ndaona shuga akuchita ndi kuitana nyerere. Musungireni tiyi.

Madzi a pa mpopi akudula. Ndingathirire ndi ochapira?

Otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba, inde. Otsukuluzira zovala komaliza, ngati sopo wake ndi wochepa, angathandize pa chilimwe, koma muzisinthanitsa ndi madzi abwino. Oyamba aja a thovu la sopo waufa, a jiki, ndi otsukira mbale a mafuta ndi mchere, musayandikize pa chitsamba chongowokera kumene.

Ndikukayika kuti ndinachikwirira kwambiri. Ndichikumbenso?

Yambani mwafukula ndi manja pa tsinde. Pamene tsinde limayamba kutambasuka kukhala mizu payenera kukhala pofanana ndi nthaka, kapena pamwamba pang'ono. Ambiri timakumba dzenje lakuya ngati la nthochi, n'kuthira dothi lofewa pansi, ndipo madzi akalowa chitsamba chimatitimira. Dzenje la chitsamba liyenera kukhala lotambalala kawiri kapena katatu kuposa chibulumwa cha mizu, koma kuya kwake kofanana ndi chibulumwacho.

Ngati chakwiririka pang'ono, ingochotsani dothi la pamwamba. Ngati chalowa chikhatho chathunthu kapena chakhala m'chithaphwi, ndipo sipanathe sabata imodzi kapena awiri, chikwezeni madzulo ena mosamala ndi fosholo, dothi lake lili lomwelo. Kupatula pa zifukwa ziwirizi, chisiyeni pomwepo. Kukumba kuti muone ngati mizu yayamba, kapena kuchisunthira pena chifukwa apa sichikusangalala, ndi kuchiyambitsanso matenda.

Pali cholakwa china chomwe ndimachipeza nthawi zambiri ndikafukula chitsamba chokanika kukula: chubu chakuda chija chidakali pomwepo, anangochiboola pansi. Chubu chimang'ambidwa n'kuchotsedwa chonse. Mizu ikakhala kuti yazungulirazungulira m'chubumo ngati nkhata, imasuleni ndi zala kapena ichekeni pang'ono m'mbali musanabzale, apo ayi idzapitiriza kuzungulira m'dzenjemo.

Zitenga nthawi yaitali bwanji kuti chichire?

Kambande ka m'chubu kowokeredwa nthawi ya mvula kamadzuka pa sabata imodzi kapena awiri. Chitsamba chokumbidwa pansi chimayamba kuonetsa mphukira pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi iwiri kapena itatu, malinga ndi kukula kwake ndi nyengo. M'chisanu zonse zimachedwa. Mphukira zoyamba zisakunamizeni kuti nkhondo yatha, chifukwa nthawi zina zimatuluka ndi chakudya chosungidwa mu tsinde pomwe mizu isanagwire. Mayeso enieni ndi Okutobala woyamba. Chitsamba chimene mwawokera mu Januwale muzichithirirabe m'chilimwe chotsatira, ndipo chaka chimenecho maluwa akachepa musadabwe.

Nthawi yabwino yowokera kuno ku Zomba ndi iti?

Mvula ikakhazikika, dothi litanyowa mpaka pansi, zomwe zaka zambiri zimakhala mu Disembala. N'chifukwa chake nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Musatengeke ndi chizimalupsa kapena mvula yoyamba ya mu Novembala, yomwe imatha kudula masabata awiri dzuwa likuotcha. Kuwokera koyambirira kwa dzinja kumapatsa mizu miyezi itatu kapena inayi ya chinyezi.

Amene ali ndi madzi okwanira angathenso kusuntha zitsamba mu Juni ndi Julayi, kukuzizira, makamaka masiku a chiperoni pamene mitambo yakuta phiri ndipo kukuwaza. Rozi amasunthika bwino nthawi imeneyi atadulidwa. Sepitembala, Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala ndi miyezi yoipitsitsa. Tsiku lililonse lomwe mwasankha, wokerani madzulo kapena kuli mitambo, kuti chitsamba chigone usiku wonse chisanakumane ndi dzuwa.

Ndikusamuka mwezi wamawa ndipo ndikufuna kutenga chitsamba chachikulu. Ndichite bwanji kuti chisavutike?

Mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo, m'mera mpoyamba. Lero lomwe tengani fosholo yakuthwa mucheke dothi mozungulira chitsamba, kudula mizu ya m'mbali koma osachizula, kenako muzithirira. Mizu yodulidwayo imatulutsa timizu tambiri pafupi ndi tsinde, ndipo timeneti ndi tomwe mudzanyamule. Miyezi iwiri kapena itatu ikanakhala bwino koposa, koma mwezi umodzi ukuposa kusachita konse. Kukula kwa bwalolo: pa masentimita awiri ndi theka aliwonse a kunenepa kwa tsinde, chibulumwa chikhale chotambalala masentimita 25 mpaka 30.

Dzulo lake thirirani kwambiri kuti dothi ligwirane. Dzenje la kumalo atsopano likhale lokumbakumba musanazule. Pozula lowetsani chiguduli chonyowa pansi pa chibulumwa, mangani, ndipo nyamulani chogwira pansi, osati chokoka tsinde. Pa wilibala, pa ngolo kapena kumbuyo kwa galimoto, fundikani masamba kuti mphepo ya pa msewu isawaumitse. Mangani kansalu pa nthambi imene imayang'ana kumpoto kuti mukachiike moyang'ana komweko. Ndipo kambiranani ndi eni nyumba musanakumbe, milandu ya maluwa ndaiona.

Dulaniko timitengo tingapo n'kutizika m'machubu pa mthunzi. Hibiscus, duranta, croton ndi bougainvillea zimamera ndi nthambi monga chinangwa. Chachikulucho chikakana, mtundu wake mudzakhala nawobe.

Ndi zitsamba ziti zovuta kusuntha, ndipo zosavuta ndi ziti?

Duranta ndi croton sizivuta kwenikweni, ngakhale croton amayoyola masamba poyamba. Hibiscus amadandaula ndi chikasu koma amabwerera. Bougainvillea ndiye wamakani: pamwamba ndi wolimba ndi waminga, koma mizu yake ndi yophwanyika msanga ndipo sigwira dothi, choncho chibulumwa chikangogumuka mwayamba ulendo wautali. Azalea ndi hydrangea, zomwe zimakondwa kumtunda kozizira, zili ndi mizu ya pamwamba yosavuta kukumba koma yosapirira kuuma ngakhale tsiku limodzi. Nkhadze ndi poinsettia musavutike n'kukumba, ingodulani nthambi muzike, koma samalani ndi utomoni wake woyera, makamaka wa nkhadze, usalowe m'maso.

Mukafuna kuona momwe zitsamba zosiyanasiyana zimakulira pa nyengo yathu ino musanagule, kayendeni ku Botanical Gardens m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Mundawu unayambitsidwa mu 1891 ndi katswiri wa zomera Alexander Whyte, ndipo ntchito yake poyamba inali yomweyi, kuyesa zomera zochokera kwina ngati zingagwire kuno.

Chayamba kuphukira, koma m'mawa ndapeza mphukira zadyedwa ndipo zophimbira zamwazika.

Zomwazazo ndi nkhuku, zodyazo ndi mbuzi. Chitsamba chodwala chikataya mphukira zoyamba kawiri kapena katatu, chakudya chosungidwa mu tsinde chimatha. Tchingani ndi nsungwi, waya wa nkhuku, kapena njerwa zosanjikiza mosiya mipata, ndipo pa zophimbira ikanipo miyala ingapo kapena nthambi zaminga. Mpandawo ukhale wotalikirana ndi masamba mwina mkono umodzi, chifukwa mbuzi ikaponda miyendo yakutsogolo pa nsungwi, khosi lake limafika patali kuposa momwe mukuganizira.